Mayina a enp2s0 ndi anzake: systemd-udevd yathandiza, koma osadalira kwambiri

Kernel, phata la Linux lomwe limayendetsa zida za kompyuta, payokha imatcha makhadi a netiweki eth0, eth1, eth2 potengera dalaivala (pulogalamu yoyendetsa khadi) amene wayamba kudzuka. Pa kompyuta ya khadi limodzi palibe vuto. Pa seva ya makhadi anayi madalaivala amapikisana, moti khadi lomwe dzulo linali eth0 lero lingakhale eth1, ndipo malamulo a firewall omwe munalembera kunja amagwera mkati. Kuyambira systemd 197, mu 2013, udev (systemd-udevd), pulogalamu yoyang'anira zida, imasintha dzinalo kukhala ngati enp2s0 kompyuta ikamayaka. RHEL 7 inatengera njirayi mu 2014, Debian 9 mu 2017.

Zilembo ziwiri zoyamba zimanena mtundu: en ndi ya waya, wl ndi Wi-Fi, ww ndi modemu ya foni. Zotsatira zimanena komwe khadi lili. eno1 ndi khadi lomangidwira pa motherboard, nambala yochokera ku firmware, pulogalamu ya mu motherboard momwemo. ens3 ndi slot 3. enp2s0 ndi PCI bus 2, slot 0, ndipo khadi la madoko angapo limawonjezera f0, f1. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti lspci, pulogalamu yoonetsa zida za PCI, imalemba nambala mu hex (kawerengedwe kophatikiza zilembo a mpaka f) pomwe dzina limalemba manambala wamba, kotero 3b:00.0 ya khadi la madoko angapo imakhala enp59s0f0. Lamulo la udevadm test-builtin net_id /sys/class/net/enp2s0 limaonetsa mayina onse omwe khadi likanatha kulandira.

Ubwino wake ndi weniweni. Njira yakale ya 70-persistent-net.rules inkamangirira MAC, nambala yodziwira khadi lililonse, ku eth0, ndipo mukakopera makina a virtual, MAC yatsopano inkabweretsa eth1, netiweki n'kufa. Inkalimbiranso mayina ndi kernel yomwe. Mayina atsopano salimbirana ndi aliyense, ndipo khadi likapsa n'kuikamo lina lofanana pamalo omwewo, dzina silisintha.

Koma akuti mayinawa sasintha, ndipo apa ndi pomwe timawachotsera mamalikisi. Nambala ya bus imagawidwa ndi firmware powerenga zida zomwe zilipo. Ikani GPU (khadi la zithunzi) kapena NVMe (disiki) yatsopano, enp3s0 ikhoza kusanduka enp4s0. Seva iyaka bwinobwino koma popanda IP, chifukwa /etc/network/interfaces ikufunabe dzina lakale. Ngati ili kutali ndipo mumaifikira pa SSH (kulowa kudzera pa netiweki) basi, ndiye ulendo. systemd yatsopano nayonso imasintha malamulo otchulira nthawi zina, n'chifukwa chake pali net.naming-scheme=, yomwe imapatsidwa kwa kernel poyaka, yokakamiza malamulo akale. Pa zida za USB, Debian ndi Ubuntu zimapereka enx kapena wlx kenako MAC yonse, zilembo 15 ndendende, omwenso ndi malire a kernel. Palibe amene angaloweze zimenezo pamtima, ndipo dzina la VLAN (gawo la netiweki), lomwe limawonjezera ngati .100 kumapeto, silikwananso.

Choipa china n'chakuti dzinali limanena pomwe khadi lili, osati ntchito yake. Mankhwala ake ali mu systemd momwemo. Pangani /etc/systemd/network/10-wan.link, pansi pa [Match] lembani MACAddress= ya khadilo, pansi pa [Link] lembani Name=wan0. Pa Debian thamangitsani update-initramfs -u musanayambitsenso, apo ayi initramfs, mafayilo omwe Linux imayambira nawo poyaka, ikhoza kupereka dzina lakale. Musasankhe eth0 kapena eth1 pamenepa, mubwezeretsa mpikisano uja ndi kernel. Kumbukiraninso kuti mukasintha khadi, MAC mufayilomo isinthidwe.

Kuyambira Linux 5.5 khadi limatha kukhala ndi mayina owonjezera kudzera pa ip link property add dev enp2s0 altname, ndipo amenewa amapitirira zilembo 15, ngakhale mapulogalamu ena akale sawazindikira.

Pa laputopu, NetworkManager imabisa zonsezi, zisiyeni. Pa makina a virtual a khadi limodzi, net.ifnames=0 pa GRUB, pulogalamu yoyatsa Linux, imabwezeretsa eth0 popanda ngozi. Pa seva kapena router ya makhadi awiri kupita m'tsogolo, lembani mafayilo a .link tsiku loikira makina, musanatsegule bokosi kuti muwonjezere chida chilichonse.