Zilumba zisanu m'mausiku anayi: ndemanga yanga ya cruise ya ku Greece

Ndapereka nyenyezi zitatu pa zisanu. Achemwali anga aakulu akuti ndi zisanu zonse, amuna anga akuti ziwiri basi, ine ndangoima pakati monga ndimachitira pa milandu yonse ya pakhomo.

Tinakwera cruise imeneyi, ulendo wa pa sitima yaikulu ya pamadzi yoyendetsa alendo, mu September 2025, anthu atatu, kuchokera ku Manchester komwe tikukhala. Sitima imanyamukira pafupi ndi Athens, n'kuima ku Mykonos, ku Kusadasi m'dziko la Turkey, ku Patmos, ku Rhodes, ku Heraklion pachilumba cha Crete, ndi ku Santorini, kenako kubwerera. Pakapepala kotsatsa malonda zimaoneka ngati wapata: zilumba zisanu, mayiko awiri, chakudya ndi pogona zonse momwemo. Chomwe chikundipatsa pakamwa polankhulira n'chakuti mu August 2024 ine ndi amuna anga tinayendapo kale pa nyanja yomweyi patokha, pa ma ferry omwe eni dziko amakwera, masiku naini, ku Paros, Naxos ndi Santorini. Zonse ziwiri ndazilawa ndi ndalama zanga.

Ndiyambe ndi za mapepala, poti n'zimene zikanatigwetsa ulesi tisanaone n'komwe madzi. Ine ndikadali ndi pasipoti ya Malawi, ndipo kukhala ku Britain sikukupatsa ufulu wolowa ku Greece wopanda viza ya Schengen (chigawo cha mayiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi), yomwe kuyambira June 2024 ndi mayuro 90. Pa ulendo wa patokha viza yolowera kamodzi inali yokwanira. Pa cruise iyi ayi, chifukwa sitima ikakocheza ku Turkey ndiye kuti mwatuluka m'chigawo cha Schengen, ndipo madzulo ake pofika ku Patmos mukulowanso kachiwiri. Pamafunika viza yolowera kangapo. Amene anatigulitsa matikiti sanatchule zimenezi. Anandichenjeza ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo nyenyezi imodzi yapita pamenepo.

Zabwino zilipo, ndisaname. Sutikesi umaitsegula kamodzi, zovala n'kuzipachika, basi. Ukugona, sitima ikuyenda. Ukadzuka, kunja kuli dziko lina. Kwa achemwali, amene mawondo anayamba kuwavuta zaka zapitazo, chimenechi chinali chachikulu. Sananyamule kanthu kupatula kachikwama ka m'manja ndi ndodo yawo. Chipinda chathu chinali cha m'kati, chopanda zenera, chaching'ono koma chaukhondo, ndipo mnyamata wokonzamo, wa ku Philippines, anali ataloweza kale tsiku lachiwiri kuti achemwali amafuna madzi otentha usiku. Chakudya chinali chambiri mpaka kutopa nacho: nsomba, mpunga, nyama ya nkhosa, saladi ya tomato ndi tchizi cha feta. Achemwali amadya n'kukhuta, kenako n'kunena kuti, “Komabe tagona ndi njala,” poti nsima panalibe.

Ndiye Patmos. Kunena zoona ulendo wonsewu unali wa Patmos, kapena Patmo monga achemwali amatchulira potsata Baibulo lawo. Ndi mayi wa Mvano, ndipo kuyambira kale ankanena kuti asanamwalire adzaponde pomwe Yohane anaonera masomphenya a m'buku la Chivumbulutso. Phanga lake lili pakati pa phiri, pa msewu wochokera ku doko la Skala kukwera ku Chora, komwe kuli nyumba ya amonke yooneka ngati linga, yomangidwa kuyambira mu 1088. Kuti ufike m'phangamo umatsika masitepe. Achemwali anatsika limodzilimodzi, dzanja lina pa ndodo, lina paphewa langa. M'katimo ndi mwamdima, mukununkha lubani ndi makandulo, denga lake ndi thanthwe lotsika loti wamtali aweramire, ndipo wotitsogolera anatilozera mng'alu wogawika patatu womwe anthu a mpingo wa Orthodox amati ndi pomwe panatulukira mawu. Achemwali anangoti duu. Milomo ikugwedera, mawu osatuluka.

Sanathe ngakhale pemphero. Kumbuyo kwathu kunali gulu lina, kumbuyo kwa ilo linanso, ndipo mayi wotitsogolera anali atakweza kale kachikwangwani kake ka nambala.

“Achemwali, tiyeni, basi ikutidikira.”

“Iwe, ndangofika kumene.”

“Ndikudziwa, koma atisiya.”

Anatuluka, misozi ili m'masaya. Mpaka lero amati tsikulo linali lopambana masiku onse, ndipo sindiwatsutsa. Koma ine amene ndinawakoka dzanja ndimakumbukira kuti munthu wadikira zaka makumi angapo n'kupatsidwa mphindi zosakwana teni.

Vuto lonse la cruise imeneyi lagona pamenepo. Amakugulitsa chiwerengero cha zilumba, pomwe chofunika kuwerenga ndi maola amene phazi lako likhale pamtunda. Ndinawawerenga titabwerera. Ku Mykonos tinafika dzuwa litapendeka, kotero za ku Delos, kachilumba ka mabwinja akale komwe boti limatenga theka la ola kuchokera pamenepo, zinali zosatheka. Tinangozungulira tinjira topaka laimu, kujambulitsa pa nyumba zakale zopera tirigu ndi mphepo, kufunsa mtengo wa chakumwa n'kuthawa. Ku Kusadasi anatidzutsa m'bandakucha kupita ku Ephesus, Efeso wa m'Baibulo uja, ndipo bwalo lalikulu la masewero lomwe linkalowa anthu pafupifupi 25,000 ndi loti uone ndi maso ako. Chinandiwawa n'chakuti atatithamangitsa m'mabwinjamo, anakatikhazika nthawi yaitali m'sitolo ya makapeti, kutipatsa tiyi, kutiyalira makapeti amene palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife anafunsa. Ku Heraklion, mabwinja akale a Knossos ali makilomita asanu okha kuchokera mumzinda, koma masana asanakwane tinali titabwerera kale m'sitima. Ku Rhodes kokha ndi komwe tinapuma, chifukwa sitima imaima tsiku lonse pafupi ndi mpanda wa mzinda wakale, umangotsika n'kulowa wapansi. Tinayenda mumsewu wa asilikali a St John amene analamulira chilumbachi kuyambira 1309 mpaka 1522, tinadya mosathamanga, amuna anga anasambira. Bwenzi masiku onse ali choncho, ndikanapereka zisanu.

Santorini ndiye inandikhumudwitsa kwambiri, mwina chifukwa ndinali nditaiona kale mwanjira ina. Sitima zikuluzikulu sizifika pagombe. Zimaima pakati pa chibeseni cha madzi chomwe chinatsala phiri la moto litaphulika, ndipo anthu amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono. Zinandikumbutsa Ilala ku Likoma masiku amene ndinali mtsikana, tikutsikira m'maboti pamodzi ndi matumba a chimanga, kungoti kuno aliyense ali ndi magalasi a dzuwa. Oyamba kutsika ndi amene agula ulendo wa pa basi wa kampaniyo. Ena tonse amatipatsa manambala, tizidikira. Boti limakusiya pa doko lakale, pansi pa chiphedi, tauni ya Fira ili pamwamba. Kukwera kwake n'kutatu: masitepe pafupifupi 600 okhotakhota, abulu, kapena tingolo toyenda pa chingwe tomwe timanyamula anthu 36 pa ulendo umodzi. Taganizani anthu a m'sitima zingapo pa mzere umodzi. Masitepe achemwali sakanatha, komanso ndi oterera ndi ndowe za abulu. Abuluwo ndinawamvera chisoni. Tinaima pa mzere. Titafika pamwamba, amuna anga anayamba kale kuyang'ana wotchi, chifukwa mzere wotsika dzuwa likalowa ndi wautali kuposa wokwera, ndipo sitima siidikira munthu amene watsika payekha. Pa maola asanu olembedwa pa pepala, amene tinakhala mu Fira sanakwane atatu. Ku Oia, mudzi wotchuka wa kumpoto kwa chilumbachi, sitinayese n'komwe.

Pa ulendo wa mu 2024 uja tinagona pachilumbachi mausiku awiri. Tinalawirira 6 koloko m'mawa n'kuyenda wapansi njira ya m'mphepete mwa chiphedi kuchokera ku Fira mpaka ku Oia, makilomita pafupifupi 10, tikukumana ndi amphaka ndi anthu osesa okha. Tili m'njira tinaona sitima zoyera zikulowa m'chibeseni muja imodziimodzi, ndipo ndinati kwa amuna anga, “Taonani, akubwera.” Sindinadziwe kuti chaka chamawa ndidzakhala mmodzi wa iwo. Masana tinakwera basi kupita ku Akrotiri, tauni yomwe inakwiririka ndi phulusa zaka zoposa 3,500 zapitazo, imene katswiri wofukula zakale Spyridon Marinatos anayamba kufukula mu 1967. Nyumba zosanjikizana, ngalande za madzi oipa pansi pa misewu, zonse zili pansi pa denga, pamthunzi. Pa cruise malo amenewa sitinawamve ngakhale fungo.

Eni zilumba nawonso atopa. Kuyambira July 2025 boma la Greece likulipiritsa aliyense wotsika m'sitima za cruise: nyengo ya alendo ambiri ndi mayuro 20 ku Santorini, 20 ku Mykonos, ndi 5 pa madoko ena. Kwa ife zinakwana mayuro 55 munthu mmodzi, pamwamba pa tikiti. Sindikudandaula nazo kwenikweni. Mlendo ndi mame, koma mame ake akakhala anthu masauzande odya m'sitima, ogona m'sitima, ongosiya zinyalala ndi kugula kamaginito ka pa filiji, mwini mudzi ali ndi chifukwa. Chimene ndikudandaula n'chakuti ndalama zoonjezera zinali zambiri ndipo zimatulukira pang'onopang'ono: maulendo a pa basi, zakumwa, intaneti yomwe inkagwira ikafuna. Titaphatikiza zonse, tsiku limodzi la pa cruise linatidyera zambiri kuposa tsiku limodzi la ulendo wa patokha, ngakhale kuti uko tinkalipira tokha chipinda ndi chakudya.

Musaganize kuti kuyenda pawekha ndi uchi wokhawokha. Ferry ya m'mawa ku Piraeus, doko la ku Athens, imanyamuka anthu ambiri asanamwe tiyi, ndipo doko lake ndi lalikulu, geti ndi geti kutalikirana. Mwayi wake sitima ya pansi pa nthaka tsopano imachoka ku bwalo la ndege mpaka ku Piraeus osasintha. Kupita ku Paros ndi maola anayi, tikiti ya mpando wamba pafupifupi mayuro 50. Ferry ikafika pachilumba, chitseko chakumbuyo chimagwa, magalimoto, njinga zamoto ndi anthu zonse kutulukira pamodzi, antchito akukuwa, ndipo pakangopita mphindi zochepa yanyamuka. Ukazengereza watsala. Sutikesi yanga inathyoka tayala pa miyala ya ku Parikia, tauni ya pa doko la ku Paros, tsiku loyamba lomwe, amuna anga anaisenza paphewa ulendo wonse, ndipo sanasiye kundikumbutsa. Kulinso mphepo yotchedwa meltemi, yochokera kumpoto, yomwe imalimba mu July ndi August. Amene anakulira kunyanja akudziwa zomwe mwera amachita. Tsiku lochoka ku Naxos boti lathu laliwiro analiimitsa chifukwa cha mafunde. Tinapeza malo pa ferry yaikulu ya mawa lake, ndipo chipinda cha ku Santorini tinalipira usiku umene sitinagonemo. Achemwali akanakhalapo tsiku limenelo, padzuwa, pa doko lopanda pokhala, sindikudziwa kuti tikanatani nawo.

Koma tsiku lotayikalo ndi limene ndimalikumbukira kuposa ena. Mayi mwini nyumba ku Naxos anatibwezera m'chipinda chathu, n'kutiikira mbale ya nkhuyu za mumtengo wake. Tinakwera basi kupita kumapiri, ku Filoti m'tsinde mwa phiri la Zas, n'kutsikira ku Halki komwe amatcheza kachakumwa kotchedwa kitron kuchokera ku masamba a mtengo wofanana ndi mandimu. Naxos ndi chilumba cha alimi, chachikulu kuposa zonse za Cyclades (gulu la zilumba momwe mulinso Paros, Mykonos ndi Santorini), ndipo mbatatesi yake ndi yotchuka dziko lonse. Titailawa amuna anga anati, “Iyi ndi ya ku Tsangano iyi.” Madzulo tinakakhala pa Portara, chipata chachikulu cha mwala wa marble chomwe chinatsala chokha pa kachisi wa Apollo, mulungu wa Agiriki akale, amene sanamalizidwe, mphepo ikutikankha, opanda wotiitana ndi kachikwangwani. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa cruise kudekha kulibe pa ndandanda.

Ngati muli ndi kholo lovutika kuyenda, kapena tchuthi chanu ndi masiku asanu okha, kapena mukufuna Efeso ndi Patmo pa ulendo umodzi, kwerani, simudzalira. Patmos ili kutali ndi Cyclades, kufupi ndi gombe la Turkey, ndipo kuilumikiza ndi Santorini pa ma ferry n'kovuta. Funsani za viza musanalipire, ndipo ku Santorini gulani ulendo wa pa basi ngakhale ukuwawa m'thumba, kuti mutsike moyambirira. Ngati miyendo ili bwino ndipo muli ndi sabata kapena kuposerapo, sankhani zilumba ziwiri kapena zitatu zoyandikana, tengani ferry yaikulu osati yaliwiro, chikwama chikhale chobereka, ndipo usiku womaliza mukagone ku Athens kuti mphepo isakuphonyetseni ndege.

Achemwali ayamba kale kusunga ndalama. Akuti akufuna kubwerera ku Patmo, koma akagone komweko mausiku atatu, akalowe m'phanga muja m'mawa magulu asanafike. Ndawauza kuti ferry yochokera ku Piraeus imatenga maola seveni kapena kuposa ndipo kawirikawiri imafika usiku. Akuti ndiwapezere chipinda chogona m'sitimamo, ndipo sutikesi adzasenza ndi alamu awo.