Msonkhano wa maminitsi ndi zokambirana zam'mbali ku WTO: mtengo wake amalipira ndani?

Anzanga amene angoyamba kumene kutsata nkhani za malonda a pakati pa mayiko akhala akundifunsa kuti pa mitundu iwiri ya misonkhano imene imachitika ku bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko la World Trade Organization (WTO), wofunika kuuikira mtima ndi uti. Yankho langa silikoma, chifukwa mtundu umene umabala zipatso ndi womwewonso umene sindiukhulupirira.

Msonkhano wotsatira ndondomeko, monga wa General Council (khonsolo ya nthumwi za mayiko onse a m'bungweli) ku Geneva, sufuna mawu ambiri. Dziko lililonse lili ndi mpando, nthumwi yofuna kuyankhula imaimika chikwangwani cha dzina la dziko lake, omasulira amatembenuza mawu m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chisipanishi, ndipo zonse zimalembedwa m'maminitsi. Vuto lake ndi lakuti ambiri amangowerenga zimene anawalembera kwawo, ndipo palibe amene amasintha maganizo pagulu.

Kugwirizana kwenikweni kumachitikira m'zokambirana zam'mbali, makamaka zimene zimatchedwa Green Room, kumene amaitanako nthumwi zochepa chabe. Ndikuvomereza kuti mamembala 166 sangalembe chiganizo chimodzi onse pamodzi, komanso kuti nduna imamasuka kunena pamene ingagonje ngati ikudziwa kuti mawu ake sakulembedwa. Koma kusalembako ndiye mtengo wobisika, ndipo amene amaulipira ndi dziko laling'ono. Lonjezo limene laperekedwa pakati pa usiku m'chipinda chotseka lilibe mboni. Likasowa m'chikalata chomaliza, palibe pepala limene munthu angaloze. Amene sanaitanidwe amadikira m'makonde, kenako chikalata chimawapeza m'mawa nthawi itatha kale, ndipo popeza WTO imagamula nkhani pokhapokha palibe wotsutsa, dziko limene lingakane pa ola limenelo limasenza mlandu wogwetsa msonkhano wonse. Ndi nduna zingati za mayiko odalira thandizo zimene zingalimbe mtima kutero?

Zimenezi si zongoganizira. Pa msonkhano wa nduna wa WTO ku Seattle mu 1999, nthumwi za ku Africa zinadandaula poyera kuti zikusalidwa, ndipo msonkhanowo unatha popanda mgwirizano. Ku Nairobi mu 2015, pa msonkhano wa nduna woyamba kuchitikira mu Africa muno, mfundo zomaliza zinaphikidwa ndi mamembala asanu okha: America, European Union, China, India ndi Brazil. Chigamulo chothetsa ndalama zimene maboma amathandizira ogulitsa mbewu kunja chinali chabwino ndithu, koma zimandiwawabe kuti eni mudzi anasanduka alendo pakhomo pawo.

Palinso nkhani ya anthu ogwira ntchito. Dziko lolemera limatumiza katswiri ku kagulu kalikonse, pamene ofesi ya anthu ochepa imayenera kusankha pakati pa zaulimi ndi za usodzi ngati zonse zaikidwa pa ola limodzi.

Chimene chimachepetsako vutoli ndi magulu a mayiko oyankhula ndi mawu amodzi. Ku Hong Kong mu 2005, Dipak Patel, yemwe anali nduna ya zamalonda ya Zambia, ankayankhulira mayiko osaukitsitsa, ndipo panatuluka lonjezo lakuti mitundu yosachepera 97 peresenti ya katundu wochokera ku mayikowa izilowa m'misika ya mayiko olemera popanda msonkho. Komabe 3 peresenti yotsalayo ndi yokwanira kutsekera kunja katundu weniweni amene dziko losauka limadalira, monga zovala.

Choncho ine ndili kumbali ya msonkhano wa maminitsi, ngakhale uli wochedwa. Amene akutumidwa ku zokambirana zam'mbali apite, koma gulu limene akuliyimira liumirire kuti abwere kudzafotokoza zonse asanavomere chilichonse, ndipo lonjezo lililonse limene lapezeka kumeneko libwerezedwe mu msonkhano wa onse kuti lilowe m'maminitsi.