Spitfire Mk.I ya Tamiya pa sikelo ya 1/48: zimene ndapeza nditaimanga

Aliyense amene anamangapo kandege ka Spitfire kuchokera ku tizidutswa ta pulasitiki amadziwa malo awiri amene ntchito imakonda kuonongekera, omwe ndi miyendo ya matayala ndi galasi lophimba woyendetsa. Miyendo ya Spitfire siimirira njo, koma imapendekera kutsogolo ndiponso imatangadza pang'ono, moti dzanja likangophonya pomata, ndege yonse imaoneka ngati ikutsimphina, phiko lina lili m'mwamba lina litazolika. Bokosi la Tamiya la nambala 61119, limene linatuluka kumapeto kwa chaka cha 2018, ndinalitsegula ndili ndi nkhawa imeneyi, ndipo nditamaliza ntchito yonse maganizo anga ndi akuti amisiri a kampaniyi, imene likulu lake lili ku Shizuoka m'dziko la Japan, anaganizira mofatsa malo amene womanga amapunthwa, n'kumuchotsera zopunthwitsazo kuti mphamvu zake azithere pa kupenta ndi kukometsera, kumene kuli moyo weniweni wa kandege kotere.

Ndege imene kandegeka kakuimira ndi yodziwika kwambiri pa ndege zonse za Britain za m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anaijambula ndi R. J. Mitchell wa kampani ya Supermarine, ndipo yoyamba inauluka pa 5 March 1936 ku Eastleigh, m'dziko la England. Mitchell anamwalira mu 1937 asanaione ikumenya nkhondo, ndipo ntchito yoikonzanso anaipitiriza Joseph Smith mpaka ndege za mtunduwu zinapitirira 20,000. Mk.I ndiyo inali yoyamba kugwira ntchito, inali ndi injini ya Rolls-Royce Merlin ndi mfuti zisanu ndi zitatu za Browning m'mapiko, ndipo gulu loyamba kuilandira linali 19 Squadron ku Duxford mu August 1938. Kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake ndege yeniyeni inali mamita 11.23, choncho pa sikelo ya 1/48, kutanthauza kuchepetsa muyeso uliwonse ka 48, kandegeka kamatambalala pafupifupi masentimita 23, ndipo m'litali kamakwana masentimita 19. Ndi kukula kokwanira kuti diso lione za m'chipinda cha woyendetsa popanda kandegeko kudzaza shelefu.

Tamiya inatulutsapo Spitfire Mk.I ina pa sikelo yomweyi mu 1993, koma iyi si yakale ija yovekedwa bokosi latsopano, chifukwa tizidutswa tonse anatiumba mwatsopano. M'bokosimo muli mafulemu a pulasitiki wotuwa, fulemu ya magalasi, kachitsulo kopyapyala kokhala ndi malamba a mpando ndi masefa a rediyeta, pepala la tepi lophimbira magalasi popenta, ma decal (zizindikiro zosindikizidwa zoviika m'madzi n'kumata pa kandege) a ndege zitatu, kachidole ka woyendetsa, ndi kabuku ka malangizo kojambulidwa momveka bwino. Mizere yolekanitsa malata a thupi la ndege ndi yopyapyala koma yozama mofanana paliponse, ndipo nsalu ya pa zowongolera za kumchira anaionetsa mosakokomeza. Injini mulibe, ndipo amene akufuna kuonetsa Merlin ili poyera ayenera kuyang'ana kwina. Ineyo sindiona kuti palakwika, pakuti kukongola kwa Mk.I kuli pa mphuno yake yosalala ndi mapiko ake obulungira, ndipo kutsegula zivundikiro kumaduladula mzere umenewo.

Ntchito imayambira m'chipinda cha woyendetsa, ndipo ndi mmene ndinakhalitsa. Spitfire inalibe pansi penipeni poponda, woyendetsa ankatsamiritsa mapazi pa zopondera ziwiri pamwamba pa nthiti za thupi la ndege, ndipo bokosili laonetsa zimenezi mokhulupirika. Makoma a m'mbali amamangidwa paokha pamodzi ndi mabotolo a mpweya ndi zogwirira zosiyanasiyana, kenaka amalumikizana ndi mpando ndi bolodi la mageji n'kupanga kabokosi kamodzi kolowa m'thupi la ndege mosakakamiza. Ndinapenta mkati monse ndi penti wa Tamiya wobiriwira motuwa wa nambala XF-71, ndipo atauma ndinathira penti wakuda wosungunula kwambiri m'makona kuti nthiti zija zioneke. Pambuyo pake ndinatenga burashi yotsala pang'ono kuuma n'kupukuta nayo m'mphepete mwa zinthu ndi mtundu wowalirapo, chifukwa m'kachipinda kakang'ono chonchi kuwala sikufika, ndipo chimene sichinasiyanitsidwe ndi penti chimangomira mumdima thupi likatsekedwa. Mageji amabwera ngati decal imodzi yogona pa bolodi, ndipo kadontho ka vanishi wonyezimira pa geji iliyonse, kodonthezedwa ndi nsonga ya chotokosera m'mano, kamaoneka ngati galasi lenileni.

Malamba a mpando, a mtundu wa Sutton, ndi a chitsulo chopyapyala chija, ndipo apa ndipereke chenjezo lochokera pa kulakwitsa kwanga. Ndinawapenta akadali pa fulemu yake, kenaka n'kuyamba kuwapinda kuti agone pa mpando, ndipo pamene ndinapinda kachiwiri pamalo amodzi penti anasendeka n'kusiya chitsulo chikuwala. Njira yabwino ndi kuyamba kuwapinda ndi kachopanira pa mpando weniweniwo mpaka atagona ngati nsalu yolemera, kenaka kuwachotsa, kuwapaka penti wapansi wogwira chitsulo, ndipo pomaliza pake kuwapenta ndi kuwamata. Lamba wa m'ndege imene yangotera sakhala wowongoka ngati ndodo, amakhala atagwera mbali imodzi mmene woyendetsa anamusiyira potuluka, ndipo kanthu kakang'ono kameneka n'kamene kamachititsa woona kukhulupirira kuti m'chipindamo munali munthu.

Nkhani ya galasi aikonza mwanzeru. Pa ndege yeniyeni galasi lapakati limatsetserekera kumbuyo pa tinjanji, ndipo pulasitiki sangapyapyale mokwanira kuti galasi limodzi likwane bwino potseka ndi potsegula pomwe. Tamiya yapereka tizidutswa tosiyana ta m'mphepete mwa chipinda, tina ta galasi lotseka ndi tina ta galasi lotsegula, choncho womanga ayenera kusankha msanga asanamate thupi, ndipo akasankha palibenso kubwerera. Ndinasankha lotsegula pamodzi ndi kachitseko ka kumanzere, popeza ntchito yonse ya m'chipinda ija sindinafune kuikwirira. Tizidutswato tinalowa m'malo mwake popanda mpata, ndipo mizere yolumikizira inagwera pamene ndege yeniyeni ili ndi mizere yake.

Za miyendo ija, yankho lake ndi lapafupi moti munthu amadabwa kuti linachedweranji. Miyendo yonse iwiri anaiumba ngati chinthu chimodzi, yolumikizidwa ndi mtanda umene umalowa m'ngalande ya kunsi kwa mapiko n'kuphimbidwa ndi kachivundikiro. Kupendekera kwake kunakhazikitsidwa kale m'chikombole, womanga sangakusinthe ngakhale atafuna, ndipo nditaimika kandegeka pa tebulo nsonga za mapiko zinali pa msinkhu wofanana popanda kuyeza kapena kuchirikiza ndi timabuku usiku wonse. Mapiko nawonso anakumana ndi thupi bwino lomwe, moti guluu wamadzimadzi wa Tamiya Extra Thin anangoyenda yekha mumzere nditakhudzitsa burashi, ndipo phala lotsekera ming'alu sindinalitsegule n'komwe. Sandipepala ndinagwiritsa ntchito pamsana ndi kunsi kwa mphuno pokha, pofafaniza mzere wolumikizira mbali ziwiri za thupi. Rediyeta ya kunsi kwa phiko lamanja ndi choziziritsira oyilo cha kunsi kwa phiko lamanzere zimamangidwa mosavuta, ndipo masefa achitsulo aja amaonekadi munthu akasuzumira.

Pepala la tepi lophimbira magalasi lili ndi mizere yosindikizidwa koma silinadulidwe, choncho womanga amadula yekha. Pamene makampani ena amaika tepi yodulidwa kale m'mabokosi awo ena, ndikanakonda kuti ndi iyinso ikhale yotero, komabe ndi mpeni wa nsonga yatsopano ndi mtima wodekha ntchitoyi imatha mu theka la ola. Chofunika ndi kudula mkati pang'ono mwa mzere wakudawo, kenaka kutsindira m'mphepete ndi kamtengo kosongoka kuti penti asalowe kunsi.

Pa ndege zitatu zimene ma decal akupereka pali ya nambala K9906 ya 65 Squadron ya nkhondo isanayambe, P9495 ya 610 Squadron ya m'nyengo ya nkhondo ya m'mlengalenga mwa Britain, ndi N3200 ya 19 Squadron, imene ndinasankha chifukwa cha mbiri yake. Pa 26 May 1940, pamene asilikali a Britain ndi anzawo ankakonzekera kusamutsidwa kuchoka ku Dunkirk m'dziko la France, mtsogoleri wa gululo Geoffrey Stephenson anaomberedwa ali m'ndegeyi ndipo anaiteretsa pa gombe la Sangatte pafupi ndi Calais. Iye anagwidwa n'kukhala mkaidi wa nkhondo, pamene ndegeyo inamira pang'onopang'ono mumchenga mpaka inafukulidwa mu 1986. Itakonzedwanso inauluka mu 2014, ndipo lero ili ku nyumba yosungiramo zinthu zakale zankhondo ya Imperial War Museum ku Duxford, komwe gulu lake linkakhala kale. Ili ndi zilembo ziwiri zokha za gulu, QV, popanda chilembo chachitatu cha ndegeyo payokha, ndipo kunsi kwake n'kogawidwa pakati, kumanzere kwakuda kumanja koyera. Mitundu imeneyi inkathandiza oyang'anira m'mwamba amene anali pansi kuzindikira ndege zakwawo, kufikira mu June 1940 pamene analamula kuti kunsi kuzipakidwa mtundu wobiriwira motuwa wotchedwa Sky.

Kupenta ndiko kunanditengera masiku ambiri kuposa kumanga. Ndinayamba ndi koyera, kenaka n'kuphimba ndi tepi motsata pakati penipeni pa mimba ya ndege n'kupopera kwakuda ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya. Wakuda weniweni pa kandege kakang'ono amameza mizere yonse, choncho ndinamusakaniza ndi wotuwa pang'ono, ndipo pataliko amaonekabe wakuda koma malata amasiyanitsika. Pamwamba pali mitundu iwiri, wadothi ndi wobiriwira wakuda, imene Tamiya imalozera ku XF-52 ndi XF-81. M'zithunzi za nthawiyo malire a mitundu iwiriyi amaoneka akuthwa ndithu, ndipo kupopera ndi dzanja lokha kumatulutsa malire ofuwirira kwambiri pa sikelo imeneyi. Ndinadula mapepala motsata chojambula cha m'bokosi n'kuwakweza pang'ono ndi timizere ta tepi yopindidwa, kuti malire akhale akuthwa koma asaoneke ngati odulidwa ndi lumo.

Ma decal ali ndi mitundu yokhuta ndipo mabwalo a chizindikiro cha RAF, gulu la ndege zankhondo la Britain, anasindikizidwa molunjika, koma ndi okhuthalirapo monga amadziwikira a kampaniyi, ndiye amafuna kusamaliridwa. Pansi pake payenera kukhala vanishi wonyezimira kuti mpweya usatsekeredwe n'kuoneka ngati siliva, madzi oviikamo akhale ofunda, ndipo mankhwala ofewetsa decal apakidwe kawiri kapena katatu. Mankhwalawo akapakidwa decal imachita makwinya, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira kuikhudza n'kuing'amba. Iyenera kusiyidwa yokha mpaka m'mawa, ndipo imapezeka italowa m'mizere ngati yopentedwa. Pamabwalo aakulu a pamapiko ndinadutsitsa mpeni mopepuka m'mizere ya malata n'kupakanso mankhwala.

Gawo lomaliza, lothimbiritsa kandegeka kuti kaoneke kogwira ntchito, ndi limene ndili nalo maganizo olimba. Masiku ano omanga ambiri amakonda kudetsa mzere uliwonse ndi kusenda penti paliponse, mpaka ndege imaoneka ngati yatha zaka zisanu pa dzuwa ndi mvula. N3200 inafika ku gulu lake milungu yochepa isanagwe, choncho kuisandutsa chiphakasa ndi kunamizira mbiri. Ndinangoika mwaye wochepa kumbuyo kwa mapaipi a utsi, wotsata kupindika kwa mphepo pamwamba pa phiko, wotuwirapo pakati ndi woderapo m'mphepete. Kunsi ndinakoka timizere ta oyilo kuchokera kumbuyo kwa injini, popeza Merlin inkadontha ndithu, ndipo pa mbali yoyera ija timizereti timaoneka bwino kwambiri. Pa tsinde la phiko lamanzere, pamene woyendetsa ndi amakaniko ankaponda pokwera, ndinadonthezapo timadontho ta siliva ndi kachidutswa ka siponji, ndipo ndinalekera pomwepo ngakhale dzanja linkafuna kupitiriza. Vanishi wosanyezimira atauma ndinachotsa tepi pa magalasi, n'kumangirira ulusi wopyapyala wotamuka kuchokera pa mlongoti wa wailesi kufika kumchira.

Pa sikelo yomweyi palinso Spitfire Mk.I ya kampani ya Airfix ya 2015 ndi ya kampani ya Eduard ya 2020. Ya Eduard ili ndi tizidutswa tambiri ndi timisomali ta malata tooneka thupi lonse, ndipo idzasangalatsa munthu wozolowera amene amakonda ntchito yosinkhasinkha, pamene ya Tamiya imapambana pa kulumikizana kwa tizidutswa ndi kulimba kwa miyendo. Kwa amene wamangapo tindege tiwiri kapena titatu ndipo akufuna kuyamba kuphunzira zitsulo zopyapyala, kuphimba ndi tepi ndi kupopera mitundu ingapo, bokosi ili ndi limene ndingamuuze kuti ayambire, chifukwa silimutopetsa ndi kutseka ming'alu asanafike pa maphunziro amenewo. Woyamba kumene akhoza kulimanganso, bola asathamangire malamba ndi tepi ya magalasi. Ineyo ndagula kale lachiwiri, ndipo limenelo ndidzalipenta ngati P9495 ya 610 Squadron yokhala ndi zilembo zazikulu za DW-K, galasi lili lotseka ndipo woyendetsa ali pa mpando wake.