Stratocaster, Les Paul ndi SG: kulemera, kakhalidwe paphewa ndi mutu wake

Amene anaimbapo paukwati ku Luchenza kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa amadziwa kuti gitala yamagetsi saisankha ndi makutu okha, chifukwa phewa ndi dzanja lamanzere ndizo zimasenza ntchito yonse. Magitala ambiri amene timawapeza kuno amatengera maonekedwe a Stratocaster ya kampani ya Fender, yomwe inatuluka mu 1954, kapena a Les Paul ya 1952 ndi SG ya 1961, zonse ziwiri za kampani ya Gibson.

Les Paul ili ndi mawu onenepa omwe ine ndimawakonda kwambiri, koma kawirikawiri imalemera kupitirira makilogalamu 4, ndipo pofika nyimbo zomaliza lamba amakhala atalowa m'phewa. SG ndi yopepuka, koma pokolowekera lamba pali kuseri, pamene khosi lakumana ndi thupi, choncho mukangochotsa dzanja kuti mukonze maikolofoni, mutu wake, kumapeto kwa khosi kumene kuli makiyi ochunira nsambo, umaweramira pansi. Lamba wachikopa wotambalala, wokhakhala mkati, amachepetsako vutoli. Stratocaster imakhazikika yokha chifukwa nyanga yake yakumtunda, pamene pamakoledwa lamba, imafika cha pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), komanso thupi lake analisema pamene pamagunda nthiti ndi mkono.

Kwa ife amene timanyamula zida pa kabaza m'misewu yoterera ya m'minda ya tiyi ku Thyolo, nkhani yaikulu ili pamutu wa gitala. Mutu wa Gibson unapendekera kumbuyo, pafupifupi madigiri 17, zomwe zimakanikiza bwino nsambo, koma thabwa lake ndi lopyapyala pamene mutu wayambira. Ndinaonapo ya mtundu umenewu itatsamizidwa pa sipikala m'tchalitchi, mwana anakola chingwe ndi phazi, ndipo mutu unathyoka n'kutsala ukulendewera pa nsambo. Poti khosi lake ndi lomata ndi guluu, kukonza kumafuna mmisiri waluso. Makiyi ake, atatu mbali iyi atatu mbali inayo, amachititsanso kuti nsambo zapakati zikhote, n'chifukwa chake ya G imavuta kuchuna.

Mutu wa Fender ndi wowongoka, makiyi onse 6 ali mzere umodzi, nsambo zimayenda molunjika, ndipo khosi analimanga ndi masikuluwu anayi oti mukhoza kumasula nokha. Kwa woimba amene amaima maola ambiri n'kubwerera usiku pa njinga, ine ndingasankhe ya maonekedwe a Stratocaster, ngakhale ikhale Squier, mtundu wotsika mtengo wa Fender, yogwiritsidwapo kale ntchito.