Memore ya K4,000 ya pa Nchalo: ulaliki ulimo, sayansi ndaisowa

Mwana wanga wachiwiri akulemba MSCE chaka chino, ndipo mutu wa evolution (kusintha kwa zamoyo pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo) mu Biology ukumuzunguza. Kutchalitchi akumva zina, m'kalasi zina. Ndiye Loweruka lina nditapita pa Nchalo kukagula matemba, ndinapatukira pa kashopu kena kobena nyimbo ndi mafilimu, timene timakhala ndi sipika panja tija. Mnyamata wa pamenepo atamva vuto langa anati, "Madala, musavutike. Ndili ndi mavidiyo a asayansi akunja otsimikiza kuti evolution ndi bodza. Mwana akangoonera, yatha." Memore ndi kubena komwe, K4,000.

Pa kagwiridwe ka ntchito ndilibe naye chifukwa. Ndi waulemu, sanandichedwetse padzuwa lathuli, ndipo mavidiyo awiri atakana kutseguka anandiikiranso osalipiritsa. Onse alipo 11, m'Chingerezi cha ku America chothamanga, moti tinkaimitsaimitsa kuti mwana andimasulire. Vuto langa ndi zimene zili m'katimo.

M'mavidiyomo, bambo wovala suti akuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000. Nambala imeneyi si ya mu labu. Anaitchukitsa ndi bishopu wa ku Ireland, James Ussher, amene mu 1650 anawonkhetsa mibadwo ya m'Baibulo n'kupeza kuti dziko linalengedwa m'chaka cha 4004 Yesu asanabadwe. Kenako bamboyo akunyoza carbon-14, imene asayansi amayezera zaka za zinthu zakale, ati singayeze mafupa a dinosaur. Apa mwana anaseka. Carbon-14 imatha theka pa zaka 5,730 zilizonse, ndiye siipitirira zaka pafupifupi 50,000, ndipo palibe amene amayezera nayo dinosaur. Miyala yakalekale amayezera potassium kapena uranium. Kuli ngati kukalipira choyezera kutentha kwa thupi kuti bwanji sichikunena makilo a mwana kusikelo.

Pamene ndinaika foni pansi ndi pamene ananena kuti palibe munthu anaonapo zamoyo zikusintha. Ine ndagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya kuno ku Chikwawa kuyambira ndili mnyamata, pa njinga yakapalasa, mvula ndi dzuwa. Chloroquine ndinamuona akufa mphamvu ndi maso angawa. Mwana amamwa mankhwala onse bwinobwino, patapita masiku ochepa mayi ake abwera naye kumbuyo, thupi lili moto. Mu 1993 dziko lathu linasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo tinali oyamba mu Africa muno kutero. Fansidar nayenso anatopa, mu 2007 kunabwera LA. Sikuti mankhwalawo anasukuluka ayi. Mwa tizirombo ta malungo tambirimbiri munali tina tochepa tobadwa ndi kusiyana pang'ono, mankhwala osatipha. Tinzake titafa, ito tinatsala n'kuswana, mpaka tinadzaza dera lonse. Ndi zomwezo zimene Charles Darwin analongosola mu 1859, ngakhale iye za malungo athuwa sanazione.

Chimene chimandigometsa ndi chotsatira chake. Chloroquine atachoka kwa zaka zoposa khumi, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti wayambanso kugwira ntchito, ndipo anazilemba mu 2006. Tizirombo topirira tija tinalibenso phindu, tofooka pa mankhwalawo tinabwerera. Udzudzu wa kuno kuchigwa nawo unasiya kumva mankhwala a m'masikito akale aja, n'chifukwa chake kunabwera masikito ena. Alimi a thonje ku Ngabu ndi ku Bangula nkhani ya mbozi zosamva mankhwala sachita kuuzidwa.

Kunena chilungamo, vidiyo yachisanu ili ndi yankho: udzudzu ukasintha ukhalabe udzudzu. Funso labwino, ndipo mwana wanga linamugwira. Koma bamboyo sanatchule pamene kusinthako kumaimira, kapena chimene chimakuimitsa zaka zikakhala mamiliyoni. Sanatchulenso Nyanja ya Malawi, mmene muli mitundu mazanamazana ya mbuna, utaka ndi anzake, yochokera ku makolo ochepa, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko. Ku Karonga, pa Uraha, mu 1991 anafukula chibwano cha munthu wakalekale cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus anapezeka m'boma lomwelo. Zinthu zogwirika, zoti wina wokayika akhoza kukayezanso. M'mavidiyo onse 11 sindinapezemo chinthu chimodzi chimene a mbali yotsutsa evolution anayeza okha. Ntchito yawo ndi kutola zifukwa pa za anzawo basi.

Ndiye pali nthabwala ija ya anyani: ngati tinachokera kwa anyani, bwanji ku Lengwe akadalipo? Holo yonse m'vidiyomo kuwomba m'manja. Komatu buku la mwana silinena kuti nyani ndi agogo athu. Limati tili ndi kholo limodzi lakale, monga asuweni. Msuweni wanga wa ku Nsanje kukhala moyo sikutsutsa kuti tonse tinachokera kwa agogo amodzi.

Ku America komweko nkhaniyi inafika kukhoti. Mu 2005 woweruza John E. Jones III anagamula pa mlandu wa ku Dover, Pennsylvania, kuti intelligent design, chiphunzitso chakuti zamoyo zinachita kukonzedwa ndi winawake wanzeru, si sayansi ndipo isaphunzitsidwe ngati sayansi m'sukulu za boma kumeneko. Zimenezi m'memore mulibe.

Musandimve molakwa, ine Lamulungu ndimakhala kutsogolo, ndipo ndimakhulupirira kuti kuli Namalenga. Papa John Paul II yemwe ananena mu 1996 kuti evolution si nkhambakamwa chabe. Amene mukufuna ulaliki wa Genesis wokhala ndi zithunzi zokongola, gulani, mavidiyo ake ndi owala bwino. Amene muli ndi mwana wa Fomu 4, ndalamayo muwonjezere mugule mapepala a mayeso akale.

Ndinabwererako sabata yatha kukamuuza mnyamatayo kuti asiye kumawatchula kuti ndi a sayansi. Anakanda m'mutu n'kuti, "Madala, ine ndimangobena, sindinawaonereko." Ndinamuuza afufute onse aikemo nyimbo za kwaya. Anandichotsera K500.