Maphunziro a uphungu: Mzuzu, Zomba kapena sukulu za pa intaneti?

Chiyambireni kuthandiza ana amavuto pasukulu pathu kuno ku Dedza, aphunzitsi anzanga sasiya kundifunsa: munthu wokhala kale ndi digiri ya uphunzitsi angakaphunzire kuti ntchito ya uphungu? Ndikuyankheni pano nonse pamodzi, chifukwa ine ndalama zanga zinalowa m'madzi ndipo sindikufuna wina atayenso zake.

Ndiyambe ndi pa intaneti, poti ndi pomwe ndinapsa. Mu 2023 ndinalembetsa masters ya uphungu pa sukulu ina yakunja imene ndinaiona pa Facebook. Chinandikopa n'chakuti sindisiya ntchito kapena banja, ndiziwerenga usiku ndikamaliza kuchonga makope. Fizi inali ya madola. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ngongole yanga inafufuma tsiku limodzi. Ndinapirira, ndinagulitsa matumba a mbatatesi amene ndimasunga kuti ndidzagulire fetereza.

Koma chinandiwawa kwambiri si madolawo. Titafika pa gawo loyeserera ntchito, anandiuza kuti ndipeze ndekha katswiri wondiyang'anira, ndizimulipira ndekha, kenaka ndiwalipirenso iwo kuti avomereze maola anga. Polembetsa sanatchule zimenezi. Nanga katswiri wotero ndikamupeza kuti ku Linthipe kapena ku Lobi? Nditafufuza bwino ndinapeza kuti sukuluyo sinali yovomerezeka ngakhale m'dziko lake lomwe. Ndikanayamba ndafunsa ku National Council for Higher Education ku Lilongwe, komwe amaunika mapepala a sukulu zakunja, sindikanatumiza ngakhale tambala. Si sukulu zonse zophunzitsa munthu ali kwawo zili zotero, UNISA ya ku South Africa ndi yodziwika kalekale, koma vuto la madola ndi la wokuyang'anira limakhalapobe.

Taganizani, mtsikana wa Fomu 3 wakhala patsogolo panu, wangoti zii, kenaka n'kunena kuti moyo watopa nawo. Pamenepo mavidiyo amene munaonera pa foni sakuthandizani. Mumafunika kuti munakhalapo m'chipinda ndi munthu wovutika, mphunzitsi wanu akumva, n'kukuuzani pambuyo pake kuti apa munafulumira kulangiza, apa munayenera kumusiya alire.

Ku University of Malawi ku Zomba kuli dipatimenti ya Psychology, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo chili mumzinda womwewo. Wofuna kuzama pa kafukufuku kapena kudzaphunzitsa ku koleji, njira yake ndi imeneyo. Ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, za matenda a m'maganizo zimayenera kwambiri madokotala ndi anamwino. Ife a choko si khomo lathu.

Mtima wanga uli ku Mzuzu, ku sukulu ya zaumoyo ya Saint John of God, ndipo sindibisa kuti ndikukondera. Amaphunzitsa dipuloma ya Psychosocial Counselling, ndipo a Saint John of God ali ndi chipatala chawochawo cha odwala m'maganizo mumzindamo, choncho ntchitoyi amaigwira tsiku ndi tsiku. Mlamu wanga anaphunzira kumeneko. Ndinamuona akucheza ndi mnyamata wina amene chamba chinamusokoneza, ndipo m'mene amafunsira mafunso ndinadziwa kuti chaka changa chonse cha pa intaneti sichinandipatse zimenezo.

Ena amati, digiri uli nayo kale, ubwererenso ku dipuloma? Inde, pa pepala zikuoneka ngati kutsika. Mzuzu ndi kutalinso, ulendo wa tsiku lathunthu pa M1, ndiye pali nkhani ya malo ogona ndi kupempha tchuthi cha maphunziro kuntchito. Zonsezi ndaziwerengera limodzi ndi mayi a kunyumba, ndipo tagwirizana kuti mbatatesi za chaka chino tikagulitsa, ndalama yake ndi ya fizi ya ku Mzuzu.