Maloya amene anatithandiza kugula nyumba ku Lilongwe: ntchito yodalirika, koma nthawi inatalika

Ofesi ya maloya imene inatithandiza kugula nyumba ku Area 49 ndi yoti ndingathe kutumizako m'bale wanga popanda nkhawa, komabe pa nkhani ya nthawi anatilonjeza zimene sanayenere kulonjeza asanaone mapepala a wogulitsa. Anatitsimikizira kuti zonse zitha pasanathe miyezi iwiri, koma chikalata cha umwini chinatuluka m'dzina lathu patapita pafupifupi theka la chaka.

Chimene anayamba kuchita, ndipo anachichita mwachangu, ndi kufufuza ku kaundula wa malo ku Unduna wa za Malo. Kumeneko anapeza kuti malowo ali pa lizi ya zaka 99, monga momwe alili malo ambiri a m'tauni, komanso kuti nyumbayo inali idakali m'dzina la malemu bambo a munthu amene ankatigulitsayo. Dobadoba amene anationetsa nyumbayo sanatchulepo zimenezi. Apa ndi pamene panathera nthawi yaitali, chifukwa mwana sangangogulitsa nyumba ya kholo lake lomwe linamwalira popanda chikalata cha ku khoti chomupatsa mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limateteza mkazi wa malemu pamodzi ndi ana onse. Abale ake a wogulitsayo anayenera kuvomereza, ndipo mmodzi wa iwo amakhala ku Johannesburg, kotero mapepala anachita kutumizidwa kumeneko kuti akasaine.

Pa nthawi yonseyi wogulitsa ankatikakamiza kuti timupatseko theka la ndalama, ponena kuti pali ena amene akuifuna nyumbayo. Maloyawa anakanitsitsa. Ndalama zathu anazisunga mu akaunti yawo, ndipo anamulembera wogulitsayo kalata yomveka bwino yakuti sadzalandira kalikonse kufikira mapepala atalongosoka. Pa chinthu chimodzi ichi chokha, ndalama zimene tinawalipira sizinapite pachabe, pakuti anthu ambiri mumzinda muno ataya chuma chawo pogula nyumba imene pambuyo pake ana ena a malemu anadzaikaniza ku khoti.

Nkhani ya chuma cha masiye itatha panatsala zikalata zina zimene zimayenda motsatizana. Nyumba ya pa lizi siingasinthidwe umwini popanda chilolezo cha mwini nthaka, amene kwa ife anali boma, pomwe kwa ena amakhala Malawi Housing Corporation kapena khonsolo. Wogulitsa anali ndi ngongole ya lendi ya nthaka ya zaka zingapo, komanso ya misonkho ya ku Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe, ndipo zonsezi zinayenera kulipidwa kaye. Pankafunikanso chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti palibe vuto la msonkho, kenaka kulipira stamp duty, umene ndi msonkho wa boma pa chikalata chosinthira umwini, ndiye pomaliza kulembetsa dzina latsopano m'kaundula. Amene akugula ndi ngongole ya ku banki awonjezerepo nthawi yoti katswiri ayeze mtengo wa nyumbayo ndiponso yoti banki ilembetse chikole chake.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi kusowa kwa uthenga. Atangoona kuti nyumbayo ili m'dzina la malemu, anadziwa kuti miyezi iwiri ija siikwana, koma palibe amene anatiitana kuti atiuze nthawi yatsopano. Ife tinali titauza kale eni nyumba imene tinkachita lendi kuti tikusamuka, ndipo tinachita kuwapempha kuti atilole kukhalabe mwezi ndi mwezi. Nthawi zambiri ndife amene tinkaimba foni, ndipo kalaliki ankangoyankha kuti tidikire sabata yamawa osanena chimene chikudikiridwa. Loya mwiniwake tikakumana naye ankafotokoza zonse modekha ndi mwaulemu, koma kumupeza kunali kovuta chifukwa masiku ambiri ankakhala ku khoti. Munthu amene wapereka ndalama zimene wasunga kwa zaka zambiri ayenera kuuzidwa pamene nkhani yake yafika, ngakhale zitakhala kuti sabata imeneyo palibe chimene chasuntha.

Pa za malipiro ndilibe dandaulo. Anatipatsa pepala losonyeza ndalama zawo padera ndi zopita ku boma padera, ndipo chilichonse chinali ndi lisiti yake. Amene akufuna kupitako awapemphe kuti ayambe afufuza ku kaundula ndi kuona ngongole za wogulitsa asanatchule tsiku lomalizira, ndipo asafulumire kutsanzika kumene akuchita lendi. Adziwenso kuti kusintha dzina ku ESCOM ndi ku Lilongwe Water Board sikuli m'gulu la ntchito imene maloyawa amagwira, kotero zimenezo tinakayendera tokha titalandira makiyi.